Timbaula ta mu mtima: chifukwa chake mtima umafooka tikamakula

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo sudziwa tchuthi. Mphamvu zake zimachokera m'tizinthu ting'onoting'ono totchedwa mitochondria, ta m'kati mwa maselo (tizigawo timene timapanga thupi). Tili ngati timbaula: timawotcha mafuta ndi shuga zochokera m'chakudya pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, n'kutulutsa mphamvu. M'selo la mnofu wa mtima, timbaula timeneti timadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo aliyense anatilandira kuchokera kwa mayi ake, osati kwa bambo.

Amene anaphikirapo pa mbaula yobooka akudziwa: makala amatha msanga, moto n'kukhala wochepa, nsima osapsa. Kambaula ka mu mtima kakawonongeka kamateronso, ndipo kamatulutsa "utsi" umene umawononga selo lenilenilo.

Selo lathanzi silimangoyang'ana. Timbaula tofooka timalumikizana kuti tigawane zabwino zimene tatsala nazo. Mbali yowonongekeratu imadulidwa, mapuloteni awiri otchedwa PINK1 ndi Parkin amaiika chizindikiro, kenako selo limaimeza n'kuiphwanya kuti zidutswazo zigwirenso ntchito, monga achitira amisiri a ku Ndirande posula mbaula yatsopano ndi malata akale. Akatswiri amati mitophagy. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa chofufuza mmene maselo amadzisesera okha.

Vuto n'lakuti ukalamba ukamabwera, kusesa kumeneku kumachepa mphamvu, ndipo timbaula tobooka timachuluka. Khungu likachekeka limamera lina, koma maselo a mtima ambiri ndi omwe aja tinali nawo tili ana. Olowa m'malo ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake agogo amene kale ankakwera chitunda cha ku Bangwe atasenza thumba la chimanga lero amaima kawiri katatu opanda katundu.

Zaka sitingazibweze, koma pali zimene zimakalambitsa mtima nthawi isanakwane: BP, shuga, fodya ndi mowa wambiri, makamaka kachasu. BP ndiye yoopsa chifukwa munthu samva kuwawa. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Kayezetseni ku chipatala cha kwanuko, kaya ku Limbe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Ndirande. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, mverani malangizo a dokotala, ndipo mankhwala musasiye poti mwayamba kupeza bwino.

Chimene chimalimbikitsa thupi kupanga timbaula tatsopano ndi kutakataka. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola kwa masiku asanu. Sipafunika jimu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, yendani mwandawala mpaka mpweya uzikwera koma mukutha kulankhula. Kulima ndi kupalasa njinga n'chimodzimodzi. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo, wa pa chiwaya ndi wa mu usipa wouma.

Za mabotolo otsatsidwa pa WhatsApp akuti "amatsuka mtima", sungani ndalama zanu. Salowa m'malo mwa mankhwala a BP kapena a shuga.

Mapazi akamatupa, mukamabanika pogona mpaka kusanjikiza mapilo, kapena mukamatopa ndi ntchito yaing'ono ngati kusesa pakhomo, musangoti ndi ukalamba, pitani akakupimeni. Koma chifuwa chikathina ngati mwaikidwa mwala, ululu n'kumafika ku mkono kapena ku nsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, thamangirani ku Queens kapena chipatala chilichonse chapafupi.