Matenda a shuga: amene ayenera kukuonani, ndi kabuku kamene kamawalumikiza

Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayamba pamene thupi laleka kumvera insulin (timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi), kapena kapamba sakupanganso yokwanira. Shuga amachuluka m'magazi n'kumawononga pang'onopang'ono maso, impso, mtima ndi mapazi, nthawi zambiri munthu osamva kupweteka kulikonse. N'chifukwa chake kungolandira mapiritsi mwezi ndi mwezi sikokwanira.

Ku kiliniki ya shuga, dokotala amaona ngati mapiritsi a metformin ndi glibenclamide kapena jakisoni wa insulin akukuyanjani, amayeza bipi, ndipo amalamula kuti mkodzo ndi magazi ziyezedwe kuti adziwe mmene impso zilili. Komwe makina alipo, funsani za kuyeza magazi kotchedwa HbA1c. Kuyeza kobaya chala kumangonena za nthawi yomweyo, pomwe HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, choncho kusala tiyi dzulo lokha sikungabise kanthu.

Mapazi ndiwo amaiwalika kwambiri. Mukalowa kwa anamwino vulani nsapato musanauzidwe. Adzayang'ana pakati pa zala ndi ku chidendene, n'kukukhudzani ndi kaulusi kolimba mutatsinzina, kuti aone ngati mukumva. Mitsempha ikafa dzanzi, munthu amaponda munga kapena kupsa ndi mbaula pootha moto osadziwa, bala n'kumakula mwakachetechete. Odwala shuga ambiri amene adadulidwa mwendo adayamba ndi kabala kochepa kotere. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba, ndipo muzikutumula nsapato musanavale.

Maso aziyezedwa kamodzi pachaka, ngakhale mukuona bwino. Adzakudonthezani mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone mkati, ndipo kwa maola angapo mudzaona mwachimbuuzi, ndiye pitani ndi wokuperekezani. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli zipatala za maso za Lions. Ku chipatala cha boma la kwanu angakulembereni kalata yopita komwe kuli akatswiri.

Kwa mlangizi wa kadyedwe pitani ndi amene amaphika pakhomo, chifukwa malangizo akangothera m'makutu mwa bambo, m'poto simusintha kanthu. Nsima siyoletsedwa. Chepetsani mitanda, sankhani mgaiwa, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, ndipo zakumwa zotsekemera ndi thobwa lothira shuga muzisiye. Kuyenda ndawala kapena kulima kukwane mphindi 150 pa sabata.

Anthu onsewa kawirikawiri sakumana m'chipinda chimodzi. Chimene chimawalumikiza ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Muzipita nako kulikonse, ndipo musatuluke asanalembemo zimene apeza. Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena azitsamba, nenani, chifukwa ena amasokoneza shuga. Ngati muli ndi nkhawa, kapena mphamvu zachepa m'banja, nenaninso. Zimenezi zimachitika kwa odwala shuga ambiri ndipo thandizo lilipo.

Apabanja nawonso adziwe zizindikiro za shuga wotsika, makamaka kwa womwa glibenclamide kapena wobaya insulin amene sanadye: kunjenjemera, thukuta, chizungulire, kulankhula zosokonekera. Ngati akutha kumeza, m'patseni madzi a shuga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musam'mwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala. Bala la paphazi losapola, lotupa kapena lonunkha lisadikire tsiku la kiliniki.