Masiku a m'chipatala pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya chiwindi: uthenga kwa odwala ndi owadikirira a ku Kasungu

Uthenga uwu ndi wa inu amene adokotala akuuzani kuti chiwindi chanu chikufunika opaleshoni. Ndi wanunso amayi, abambo, achemwali kapena amalume amene mudzanyamule mphasa ndi ziwiya kukadikirira matendawo. Opaleshoni yotere sichitikira pa chipatala chaching'ono. Wodwala wochokera ku Santhe, Chulu, Mtunthama kapena Nkhamenya amayamba wadutsa pa chipatala cha boma pa Kasungu, kenaka nkutumizidwa ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo ena amatumizidwa kunja kwa dziko. Muli kutali ndi kwanu chomwecho, zambiri zomwe zimathandiza kapena kubwezera wodwala m'mbuyo zimachitikira pa bedi pomwepo, m'manja mwa iye mwini ndi womudikirira.

Chiwindi chili kudzanja lamanja, pansi pa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimapanga ndulu yogayira mafuta a m'zakudya, chimasunga shuga wa m'thupi, chimasefa mankhwala ndi zoipa za m'magazi, komanso chimapanga zinthu zomwe zimathandiza magazi kuundana munthu akavulala. Chodabwitsa chake nchakuti chimaphukanso. Ngati chinali chabwinobwino, adokotala akhoza kuchotsa ngakhale magawo awiri mwa magawo atatu, chotsalacho nkumakula m'masabata ndi miyezi yotsatira mpaka kugwira ntchito mokwanira. Koma chiwindi chomwe chinauma kale ndi kachasu, kapena ndi matenda a hepatitis B (oyamba ndi kachilombo kogwira chiwindi), sichiphuka msanga, nchifukwa chake odwala awiri ochitidwa opaleshoni tsiku limodzi satuluka tsiku limodzi. Musadziyerekeze ndi wa bedi loyandikana nanu.

Tsiku loyamba: mapaipi asakuopseni

Akatuluka ku fiyeta, wodwala nthawi zambiri amagona tsiku limodzi kapena awiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya, momwe anamwino amamuyang'anira usana ndi usiku. Abale ambiri akamva dzina la chipindachi amayamba kuimbira foni kumudzi ngati kwagwa zovuta. Ayi ndithu, pa opaleshoni yaikulu kumeneko ndi kumene munthu amayambira ngakhale zonse zitayenda bwino.

Mudzamupeza ali ndi diripi pamkono kapena pakhosi, paipi yotulutsa mkodzo, mwina kapaipi ka m'mphuno kopita m'mimba, ndiponso paipi ina yotuluka pambali pa mimba yomwe imatsitsa madzi ndi magazi otsalira m'kathumba. Bala limakhala lalitali, lotsata pansi pa nthiti za kumanja, nthawi zina nkukwera pakati pa chifuwa. Kawirikawiri kathumba ka ndulu kamachotsedwa limodzi ndi gawo la chiwindilo, ndipo munthu amakhala bwinobwino popanda kathumbako chifukwa ndulu imapangidwa ndi chiwindi chenichenicho. Mapaipi onsewa amachotsedwa amodziamodzi. Inu odikirira musakoke, musapinde, ndipo musataye nokha zomwe zili m'matumbawo, chifukwa anamwino amayeza kuchuluka kwake ndi kulemba. Kuchepa kwa mkodzo ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira zakuti thupi silikuyenda bwino. Ntchito yanu ndi kuyang'ana mtundu. Madzi ofiirira pang'ono ngati otsukira nyama ndi abwinobwino. Magazi enieni odzaza thumba mofulumira, kapena madzi obiriwira kapena achikasu chakuda ngati ndulu, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Magazi adzatengedwa pafupipafupi, mwina tsiku lililonse. Ena amadandaula kuti "akumutha magazi munthu wodwala kale". Kabotolo kamodzi ndi magazi ochepa kwambiri, ndipo ndi njira yaikulu yoonera ngati chiwindi chotsalacho chadzuka kuyamba ntchito.

Ululu, kupuma ndi kuyenda

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kwathu kuno timayamikira munthu wopirira, makamaka abambo, ndipo wodwala akafunsidwa amangoti "ndiliko bwino" mano ali gwa. Pa opaleshoni iyi kupirira koteroko kumavulaza. Bala lili pansi pa nthiti, ndiye ululu ukakula munthu amapuma mwapamwambamwamba, amaopa kutsokomola, makhololo amatsakamira m'mapapo, mapeto ake ndi chibayo. Nenani ululu usanafike poipa. Mankhwala amphamvu monga morphine akaperekedwa ndi achipatala kwa masiku ochepa sasandutsa munthu kapolo wa mankhwala. Chomwe amachita ndi kudzimbitsa ndi kubweretsa tulo, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chake. Ena amamva kupweteka paphewa la kumanja, nkumadabwa kuti phewalo lalowa bwanji m'nkhaniyi. Ndi minyewa ya pamwamba pa chiwindi yomwe imatumiza ululu kumeneko, komabe auzeni anamwino.

Ola lililonse muli maso, kokani mpweya wambiri pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka chifuwa chidzaze, ugwireni kanthawi, kenaka tulutsani. Bwerezani kasanu kapena kakhumi. Pofuna kutsokomola, pindani chitenje kapena bulangete, mukanikize pabala ndi manja onse awiri, nkutsokomola mwamphamvu. Ulusi suduka ndi chifuwa chotere.

Anamwino kapena a fiziyo (othandiza odwala kulimbitsa thupi) akabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri kudzati wodwala akhale tsonga, atsitse miyendo, aime, odikirira ambiri amawaona ngati ankhanza. "Munthu wang'ambidwa dzulo lomweli, mukumuyendetsa bwanji?" Chifundo chanu nchomveka, koma kugona osatakataka kumachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibulumwa cha magazi chikathothoka nkukatseka m'mapapo chimapha mwadzidzidzi. Kuyenda kumadzutsanso matumbo omwe amakhala atagona chifukwa cha opaleshoni. Yambani ndi kukhala pampando, mawa lake masitepe angapo mutagwirana mkono, kenaka mpaka pakhomo la wodi. Ali pabedi azigwedeza mapazi ngati akupalasa njinga. Ngati akubayidwa jakisoni pamimba kapena pantchafu woletsa magazi kuundana, musakane.

Chakudya, ndi zomwe zimabwera m'zikwama za alendo

Kudya kumayamba ndi mawu a adokotala, osati ndi njala ya wodwala kapena chisoni cha womudikirira. Poyamba ndi timadzi tomwa pang'onopang'ono, kenaka tiyi, phala lamadzimadzi, msuzi, mpaka nsima yofewa. Mudzafunsidwa ngati mwaphwisa kapena mwapita kuchimbudzi. Musachite manyazi, ngakhale pali apongozi pafupi, chifukwa yankho lake ndi lomwe likuuza adokotala kuti matumbo atseguka. Mimba ikatupa ndi kumasanza, siyani kudya ndipo nenani.

Chiwindi chomwe chikuphuka chimafuna zakudya zomanga thupi: mazira, usipa, nyemba, soya, nkhuku, mkaka, phala la Likuni. Chilakolako chimakhala chochepa, ndiye kuli bwino kudya pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku kusiyana ndi kukakamiza mitanda itatu nthawi imodzi. Amene ali ndi matenda a shuga ayezedwe pafupipafupi. Ngakhale amene alibe matendawa, shuga amatha kutsika pambuyo pa opaleshoniyi, ndiye kunjenjemera, thukuta lozizira ndi kufooka kwadzidzidzi si zongoyang'ana.

Za mtedza tinene mosabisa, popeza ku Kasungu ndi ku Mchinji ndiye kwawo kwa mtedza. Nsinjiro ndi chiponde ndi chakudya chabwino, koma mtedza ndi chimanga zosungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B. Kuphika kapena kukazinga sikuchotsa poizoniyu. Chizolowezi chathu chogulitsa mtedza wabwino nkusiya wofota, wosweka ndi wowawa kuti tisinje nsinjiro za pakhomo ndi choopsa kwa aliyense, nanji kwa munthu amene watsala ndi theka la chiwindi.

Ndiye pali kabotolo kaja. Pafupifupi wodi iliyonse imadziwa za mlendo amene amabwera ndi mankhwala azitsamba m'botolo la zakumwa, nkumwetsa wodwala anamwino atatuluka, ati "otsuka m'mimba" kapena "obwezera magazi". Abwera ndi mtima wabwino, sitikukana. Koma chilichonse chomwe munthu wameza chimakadutsa m'chiwindi, ndipo palibe amene akudziwa mphamvu ya zomwe zili m'botolomo. Chiwindi chochepa chomwe chikulimbana kuti chikule chikhoza kulephereratu. Inu odikirira, limbani mtima, ngakhale wabweretsayo akhale mwini mbumba. Muuzeni mwaulemu kuti adokotala aletsa. Chimodzimodzinso mapiritsi a pa golosale: panado wopyola muyezo amaononga chiwindi, ndipo brufen ndi aspirin angayambitse kutaya magazi. Mwani okhawo omwe mwapatsidwa, pa mlingo womwe mwauzidwa. Koma ngati mumamwa kale ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a khunyu kapena a hepatitis B, onetsani buku lanu la kuchipatala tsiku lofika ndipo musasiye nokha. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a hepatitis B kumadzutsa kachilomboko mwaukali. Amene ankamwa mowa tsiku ndi tsiku anenenso poyera, chifukwa thupi likausowa mwadzidzidzi limanjenjemera, mutu nkusokonekera, ndipo achipatala akadziwiratu amakonzekera.

Zizindikiro zofunika kuitana anamwino msanga

Thupi likatentha kapena kunjenjemera, musangoti ndi malungo. Akhoza kukhala malungo ndithu ndipo ayezedwe, koma akhozanso kukhala mafinya m'mimba kapena chibayo. Maso ndi zikhatho zikamachita chikasu chomka chikulirakulira, mkodzo nkuda ngati tiyi wopanda mkaka, nenani. Bala likafiira, kutupa, kununkha kapena kutuluka mafinya, nenani. Kubanika, kupweteka pachifuwa, mwendo umodzi kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, mimba kufufuma, zonsezi nzosadikira kuti adokotala adzayendere m'mawa.

Chizindikiro chimodzi chomwe odikirira amachiona msanga kuposa wina aliyense ndi kusintha kwa mutu. Wodwala ayamba kugona usana wonse nkukhala maso usiku, kuyankha zosagwirizana, kuiwala dzina la mwana wake, kapena manja kugwedezeka akawatambasula. Kumudzi tingathamangire kuganiza za mizimu kapena anthu oipa. Pambuyo pa opaleshoni ya chiwindi, zikhoza kutanthauza kuti zoipa zomwe chiwindi chimayenera kusefa zafika ku ubongo, ndipo mankhwala ake alipo ngati mwanena msanga. Inu ndi amene mukumudziwa munthuyu mmene amayankhulira ali bwino, anamwino angomuona masiku atatu okha.

Sambani m'manja ndi sopo musanamugwire, musatsegule bandeji kuti alendo aone bala, ndipo amene ali ndi chimfine kapena chifuwa apereke moni pa foni.

Kutuluka

Ngati zonse zayenda bwino, ambiri amatuluka pakatha sabata imodzi kapena masiku 10, ena amapitirira. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo funsani ngati zimenezi zingachitikire pa chipatala cha Kasungu kuti musawononge ndalama ya thiransipoti kubwerera ku Lilongwe. Musanachoke, onetsetsani kuti m'buku mwalembedwa opaleshoni yomwe yachitika, mankhwala ndi tsiku lobwereranso. Ngati chotupa chinatumizidwa kukayezedwa, funsani tsiku lomwe zotsatira zidzatuluke, chifukwa ena amafunika chithandizo china cha khansa pambuyo pake. Ngati zapezeka kuti gwero ndi hepatitis B, akunyumba kwanu ndi ana akayezetse. Katemera wa matendawa analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, kotero ambiri obadwa chakacho chisanafike sanabayidwe.

Kunyumba, kwa masabata osachepera 6, iwalani khasu, ndowa ya madzi pamutu, mtolo wa nkhuni, belo la fodya, kusinja ndi kupalasa njinga. Kunyamula zolemera bala la m'kati lisanapole kumatsegula minofu ya pamimba, matumbo nkutumphukira pansi pa khungu. Ngati opaleshoni yagwa nthawi ya dzinja, banja likambirane msanga amene agwire munda. Kutopa kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kupitirira, ndipo si ulesi. Mowa wa mtundu uliwonse, masese ndi omwe, ukhale kutali, ndipo chingambwe chimachedwetsa bala kupola.

Pa ulendo wobwerera, pewani kabaza ndi minibasi yothithikana. Pezani mpando wakutsogolo, ikani chitenje chopinda pakati pa lamba ndi bala, ndipo pemphani adalaivala aime pa Mponela kapena pa Madisi kuti wodwala atsike, awongole miyendo kwa mphindi zingapo asanapitirize.