Diripi si chakudya

Sabata siitha ndisanamve mawu awa pakhomo la ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, abale akukana paipi yodyetsera wodwala: "Asisita, paipi ya m'mphunoyo ayi, si ali kale pa diripi?" Ndatopa nawo. Botolo la diripi la normal saline ndi madzi ndi mchere basi. La dextrose 5% muli shuga magalamu 50 pa lita, makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) osapitirira 200, pomwe munthu wa makilogalamu 60 amafuna pafupifupi 1,500 patsiku ngakhale ali chigonere. Zomanga thupi mulibe n'pang'ono pomwe. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya minofu yake, ndi yopumira yomwe. Kenako abale omwewo amafunsa kuti bwanji wodwala sakuchoka pa makina opumira.

Matumbo akamagwira ntchito, timafuna kuyamba kudyetsa pa paipi pasanathe maola 48, pang'onopang'ono, kumutu kwa bedi kutakwezedwa madigiri 30 mpaka 45 kuti chakudya chisabwerere kukhosi. Musamatsitse bedilo poti mwaona ngati wodwala watopa.

Pali bambo wina wa cha ku Chadiza amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anabwera atagwidwa sitiroko, kumeza kukukanika. Akazi awo anamvetsa zonse, koma anati: "Ine sindingalamule, akwawo adzati ndawaphera m'bale wawo. Tidikire atsibweni awo." Atsibweniwo anali kumudzi, foni yosagwira. Masiku anapita, bambo akungouma. Alongo awo, poona chisoni, anabwera ndi thobwa m'kabotolo kobisa m'chitenje, n'kumawadonthezera ndi supuni anesi akatembenuka. Bambowo sanatsamwe, sanatsokomole, ndiye iwo ankati zikulowa bwino. Pamenepo mpamene pali msampha: ambiri odwala sitiroko chakudya chimalowa m'mapapo mwakachetechete. Posakhalitsa thupi linatentha, chibayo chinagwira. Atsibweni atafika anavomera paipi, tinaika, koma mapapo anali ataonongeka kale. Ndinamva kuti pamaliro anthu ankanong'onezana kuti paipi ndi imene inawapha. Alongo aja sindiwada, ankachita mwachikondi. Chimandiwawa n'chakuti mudzi wonse unatengapo phunziro lolakwika, ndipo wodwala wina wochokera kumeneko adzatikanira paipi.

Ena amakwiya kuti tikupereka tochepa, ati tikumana wodwala. Munthu amene watha masiku ambiri osadya, makamaka wa TB, wa HIV kapena womwa mowa kwambiri, mukamukhutitsa mwadzidzidzi, michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imatsika m'magazi, mtima n'kusokonekera kagundidwe, mwina kuima kumene. Timati refeeding syndrome. N'chifukwa chake timayamba ndi vitamini B1, kuyeza magazi, n'kumaonjezera chakudya tsiku ndi tsiku. Amene munagonekapo mwana wonyentchera mukukumbukira kuti anayamba ndi mkaka wa F-75 asanafike pa chiponde. Mfundo yake ndi yomweyo.

Tsono za anthu oyendayenda ndi zikwama pafupi ndi zipatala, ogulitsa ufa ndi timabotolo ta "kukweza chitetezo" pamtengo wa thumba la feteleza. Amadikira pamene mwasweka mtima. Sanaone wodwala wanu, sadziwa ngati impso zake zikugwira, koma akuuzani kuti muthire mankhwalawo m'paipi usiku. Impso zikafooka, ngakhale potassium wa m'zipatso amatha kupha, nanji zosadziwika za m'botolo lopanda dzina. Ufa wawo umatsekanso paipi, tiyambirenso kulowetsa ina m'mphuno mwa munthu wovutika kale. Za mizu ya asing'anga n'chimodzimodzi, ndipo ngati mwamwetsa kale, tiuzeni, sitikumangitsani.

Ngati pabanja panu pali amene mawu ake ndiwo omaliza, muimbireni tsiku lomwe wodwala walowa, abwere kapena alankhule ndi adokotala pa foni. Phala mudzaphika tikamuyeza n'kuona kuti wayamba kumeza bwino, ndipo tidzakuuzani kulimba kwake.