Chrono Trigger ya 1995: kodi ndi yoti munthu n'kuikhalira pansi lero?

Ntchito yanga ndi yokonza magemu a pafoni, ndipo achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi sachedwa kundipanikiza. "Akulu," amatero, "magemu akale a ku Japan amene mumawatamawa alidi ndi kanthu, kapena mwangousowa ubwana wanu?" Funsoli sindilinyoza ayi. Magemu ambiri amene tinkagonera panja kalelo, ukawayatsa lero sutha nawo ngakhale ola limodzi. Koma alipo ochepa amene zaka sizinawadye, ndipo imodzi mwa iwo ndi Chrono Trigger, imene kampani ya Square inatulutsa ku Japan pa 11 March 1995 pa makina a Nintendo otchedwa Super Famicom.

Kwa amene simunaseweko gemu ya mtundu umenewu, imene amaitcha RPG, nkhani yake ili motere. Mumatenga malo a munthu wa m'nthano, n'kumayenda naye m'midzi ndi m'mapanga, kulankhula ndi anthu, kugula zida ndi mankhwala, ndiponso kumenyana ndi zilombo. Mukapambana nkhondo, manambala osonyeza mphamvu zake amakwera. A ku Japan anaukonza mtunduwu mwanjira yawoyawo kuyambira pa Dragon Quest ya 1986 ndi Final Fantasy ya 1987. Kwa iwo nthano imakhala yolembedwa kale, ndipo pankhondo simudalira changu cha zala koma mumasankha chochita pa mndandanda: kumenya, kuchita matsenga, kumwa mankhwala kapena kuthawa. Zimafanana kwambiri ndi bawo kusiyana ndi mpira, chifukwa chachikulu ndi kuwerengera bwino musanagwire nkhomo.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimakalambitsa gemu ndi zithunzi. Ine nditatha zaka ndikukonza zinthu zimenezi ndinaona kuti si choncho. Maso amazolowera msanga. Pakangotha mphindi khumi, timabokosi tamitundu tija mumayamba kutiona ngati anthu. Chimene munthu sazolowera ndi kuberedwa nthawi. M'magemu ambiri a nthawi imeneyo, ukayenda masitepe angapo m'tchire sikirini inkangothwanima mwadzidzidzi n'kukuponya pankhondo ndi chilombo chimene sunachione n'komwe. Ukachipha, uyendenso pang'ono, china chabwera. Ukafika kwa mdani wamkulu n'kupezeka kuti mphamvu zako n'zochepa, mankhwala ake anali amodzi okha: kubwerera kutchire n'kumazungulirazungulira kwa maola, kupha tizilombo tomwetomweto mpaka manambala akwere. Osewera amakutcha kumeneku grinding, ndipo dzinalo likuyeneradi chifukwa kuli ngati kupera pamphero. Opanga magemu sankachita zimenezi mwankhanza. Makatiriji, timabokosi tosungira gemu timene tinkalowetsedwa m'makina, anali odula koma malo osungira zinthu mkati mwake anali ochepa zedi, choncho njira yotsika mtengo yoti mwana aone kuti ndalama za makolo ake sizinapite pachabe inali yomubwerezetsa zomwezomwezo. Mwana wa sukulu wa mu 1988 nthawi anali nayo. Inu amene mumaweruka kuntchito dzuwa litalowa mulibe.

Apa m'pamene Chrono Trigger imasiyana ndi inzake. Zilombo mumaziona zikuyendayenda patsogolo panu, ndipo zambiri mungathe kuzilambalala ngati simukufuna ndewu. Zina zimakubisalirani ndithu, koma nkhondo ikayamba imachitikira pomwepo pamene mwaimapo, popanda kukusamutsirani ku sikirini ina. Kanthu kameneka kamaoneka kakang'ono, koma ndiko kamachititsa kuti ulendo usamadukeduke. Ndipo ngati mukungomenyana ndi zimene mwakumana nazo panjira, mphamvu zanu zimakwanira pafupifupi paliponse. Nthano yonse munthu amaimaliza m'maola 20 kapena 25, pamene magemu ena a mtundu womwewu amafuna kuwirikiza kawiri kapena katatu.

Nkhondo yakenso ili ndi nzeru. Mumayenda ndi anthu atatu, aliyense ali ndi kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono, ndipo kakadzaza ndiye kuti nthawi yake yochita kanthu yakwana. Mungathe kumenya pompopompo, kapena kudikira kuti kamzere ka mnzake kadzazenso kuti awiriwo aphatikize luso lawo. Crono, mnyamata wa lupanga, akagwirizana ndi Frog, msilikali amene anasandutsidwa chule, amadutsa mdani mopingasana. Akagwirizana ndi Lucca, mtsikana wokonza makina, lupanga lake limazungulira lili ndi moto. Kudikirako kuli ndi mtengo wake chifukwa adani sakudikirani. Komanso zilombo sizikhala malo amodzi, ndiye luso limene limakantha onse amene ali pamzere umodzi kapena amene aunjikana pamodzi limafuna kuti muponye diso ndi kusankha mphindi yoyenera. Amene amachedwa kuwerenga angasinthe pa zosankha za gemuyi kuti nthawi iziima akamafufuza pa mndandanda.

Koma chimene ndimaonetsa ophunzira anga chaka ndi chaka si nkhondo. Ndi mlandu.

Gemuyi imayambira pachikondwerero cha zaka 1000 za ufumu wa Guardia. Crono akuthamanga pabwalo n'kuwombana ndi mtsikana wotchedwa Marle. Onse agwa, ndipo mkanda wa mtsikanayo wagwera poteropo. Palibe amene akukuuzani chochita. Mwina muthamangira kutola mkandawo, mwina muyamba mwaona ngati mtsikanayo wavulala. Chapafupi pali kamtsikana kamene kataya mphaka wake. Penapake pali chakudya cha mkulu wina chili patebulo popanda wochiyang'anira, ndipo gemu imakulolani kuchidya. Wosewera aliyense wozolowera amadya, chifukwa magemu anatiphunzitsa kuti chilichonse chotoleka n'chathu. Patapita maola angapo, Crono akugwidwa n'kuimbidwa mlandu woti anaba mwana wa mfumu, pakuti Marle uja ndi mwana wa mfumu. Mboni zikuyamba kulowa. Kamtsikana ka mphaka kaja kakuchitirani umboni wabwino ngati munakathandiza. Mkulu uja akulozani chala kuti ndinu amene munamudyera chakudya. Woimba mlandu akukumbutsa bwalo kuti munayamba mwatola mkanda mwiniwake ali pansi, ndiye kuti chimene munkafuna ndi chuma.

Ndikuululireni chinsinsi cha ntchito yathu: pamenepa palibe zamatsenga. Pulogalamuyo imangosunga timayankho tingapo ta inde kapena ayi, tochepa moti tonse pamodzi sitingakwane ngakhale malo a chiganizo chimodzi cha meseji. Ndiponso kaya bwalo likupezani wolakwa kaya ayi, kundende mupitabe, nthano sisintha njira. Komabe wosewera amatuluka m'bwalomo manyazi atamugwira, ndipo kuyambira pamenepo amayamba kusamala chilichonse chimene akuchita, poganiza kuti gemuyi ikumuona. Magemu a masiku ano amene amawononga ndalama zankhaninkhani nthawi zambiri amakulembera pasikirini kuti chisankho chako chikumbukiridwa. Iyi sinena kanthu, imangokudikirira kutsogolo.

Nzeru yomweyi ndi imene yagwira nthano yonse, imene ndi ya kuyenda m'nthawi. Dziko ndi limodzi lomwelo koma mumaliona m'nyengo zosiyana: zaka 65,000,000 Yesu asanabadwe, 12,000 Yesu asanabadwe, chaka cha 600, cha 1000, ndi cha 2300 pamene zonse zili bwinja chifukwa cha chilombo chotchedwa Lavos chimene chinatuluka pansi mu 1999. Zimene mwachita kale zimaonekera mtsogolo. Mu 600 muli mayi wina dzina lake Fiona amene akulimbana ndi kudzala mitengo pamalo amene asanduka chipululu. Mukamuthandiza kuchotsa chimene chikuwononga nthakayo, loboti ya m'gulu lanu, Robo, imadzipereka kutsala kuti izilima ndi kudzala. Inu mukwera chombo chanu choyendera m'nthawi n'kudumphira mu 1000, ulendo wa masekondi ochepa, n'kupeza nkhalango yowirira pamene panali mchenga, ndipo Robo ali m'kachisi pakati pake, atachita dzimbiri, atagwira ntchito zaka 400. Gawo limeneli silokakamiza. Mungathe kumaliza gemu osalipeza. Zonsezi, pamodzi ndi nyimbo zake, zinakwana m'katiriji ya 4 MB, kukula kwake ngati nyimbo imodzi ya pafoni yanu.

Amene anaipanga sanali anthu wamba. Panali Hironobu Sakaguchi amene anayambitsa Final Fantasy, Yuji Horii amene anayambitsa Dragon Quest, ndi Akira Toriyama, wojambula Dragon Ball, amene anamwalira mu 2024. Mukaona tsitsi losongoka la Crono mumudziwa msanga mwini dzanjalo. Kukumana kwa anthuwa kunali nkhani yaikulu chifukwa nthawi imeneyo Square ndi Enix, eni ake a Dragon Quest, anali opikisana. Anadzaphatikizana mu 2003 n'kukhala Square Enix. Mbali yaikulu ya nthano inalembedwa ndi Masato Kato. Nyimbo zambiri anapeka ndi Yasunori Mitsuda, amene anali wachinyamata ndipo inali ntchito yake yoyamba yopeka nyimbo za gemu. Anadzipanikiza mpaka kudwala zilonda za m'mimba, moti Nobuo Uematsu wa Final Fantasy ndiye anamalizitsa zotsala. Musaisewere mutatseka mawu, chonde. Makina aja ankatha kutulutsa mawu asanu ndi atatu okha nthawi imodzi, n'chifukwa chake wopeka sankabisala kuseri kwa phokoso; nyimbo inayenera kuima payokha.

Zofooka zilipo, ndipo ndisakubisireni. Choyamba ndi chilankhulo. Palibe amene amalankhula ndi mawu m'gemuyi, zonse n'zowerenga, ndipo pokhapokha mutadziwa Chijapani kapena zilankhulo zina zochepa zimene inamasuliridwamo, mudzaiwerenga m'Chingelezi. Chingelezi chake si chovuta, kupatula kuti m'kumasulira koyamba kwa Ted Woolsey, Frog amalankhula Chingelezi chachikalekale chonga cha m'Baibulo lakale. Kumasulira kwachiwiri kumene kunabwera mu 2008 kunachotsa zimenezo. Amene amadumpha zolembedwa kuti afike msanga pa ndewu sapezapo kanthu apa. Chachiwiri, Crono mwiniwakeyo salankhula, amangogwedeza mutu ndi kutambasula manja. Cholinga chinali choti wosewera adziike m'malo mwake, koma kwa ena amangooneka ngati chidole pakati pa anzake amoyo. Chachitatu, kwa katswiri gemuyi ndi yofewa. Ndipo nthano yake, ngakhale ili ndi malo okhudza mtima, ndi yopepuka. Amene akufuna nkhani yolemera ya ndale ndi imfa angakhutire kwambiri ndi Final Fantasy VI ya 1994 kapena Final Fantasy VII ya 1997, bola avomereze kuti kumeneko zilombo zosaoneka zija zidakalipo. Mulinso malo awiri atatu pamene gemu sikuuzani kolowera, ndipo mulibe muvi wolozera njira ngati m'magemu a lero. Zikatero pitani mukalankhule ndi nkhalamba imene imaima pansi pa nyale pamalo otchedwa End of Time, nthawi zambiri imakupatsani poyambira.

Nanga muisewere pa chiyani? Imene inatuluka pa PlayStation, mu 1999 ku Japan ndi 2001 ku America, ili ndi tizithunzi toyenda tokongola koma imachedwa nthawi iliyonse mukalowa pankhondo kapena kutsegula mndandanda, chifukwa imawerenga kuchokera pa CD. Imeneyo imapha chinthu chenichenicho chimene ndakhala ndikuchitama, ndiye ilekeni. Ya pa Nintendo DS ya 2008 ndi imene ambiri timaiona kuti ndi yabwino koposa, koma kuipeza lero n'kovuta. Anawonjezeramo malo atsopano, ndipo ena mwa iwo, makamaka Lost Sanctum, ndi ongokutumani kukwera ndi kutsika phiri lomwelomwelo. Mukawadumpha simutaya kanthu. Njira yapafupi kwa ambiri ndi foni, pakuti ilipo pa Android ndi pa iPhone, kapena kompyuta kudzera pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Ya pa Steam itangotuluka mu February 2018 anthu anaidandaula kwambiri chifukwa cha zilembo zonyansa ndi zithunzi zopakidwapakidwa, koma Square Enix inaikonza kangapo ndipo tsopano ili bwino. Posankha maonekedwe, tengani akale aja a timabokosi, osati osalazidwa. Sifuna kompyuta yamphamvu. Pafoni vuto ndi loti kuyendetsa munthu ndi chala pagalasi kumaterera, choncho ngati mungapeze controller ya Bluetooth, igwiritseni ntchito.

Mukaimaliza, gemuyi imakulolani kuyambiranso muli ndi mphamvu zanu zonse, njira imene inaitcha New Game+, dzina limene magemu ambiri akugwiritsa ntchito mpaka lero. Popeza Lavos mungathe kukamenyana naye pafupifupi nthawi iliyonse, mathero amasintha malinga ndi pamene mwamugonjetsera, ndipo alipo oposa khumi. Ine sindinawaone onse ndipo sindikuona chifukwa chowasakira.

Wophunzira wanga akandifunsa funso lija, sindimuuza kuti amalize gemu yonse. Ndimamuuza kuti asewere mpaka atadutsa pamlandu, atathawa kundende, n'kufika mu 2300 pamene gululo limapeza kanema wakale wosonyeza tsiku limene Lavos anatuluka. Pamenepo pamatenga maola atatu kapena anayi. Ngati wafika pamenepo koma alibe chidwi chodziwa chotsatira, ndimamuuza kuti aisiye, chifukwa kutsogoloko gemuyi sisintha khalidwe. Mmodzi wa iwo anabwera m'mawa wake maso ali psuu, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandifunsa ngati pali njira yobwezera chakudya cha mkulu uja.