Chifukwa chake sukulu zakale za sekondale ku Dedza ndi Ntcheu zimangodikira kukonzedwa

Sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Box 48, inatsegulidwa mu 1951 m'nthawi ya atsamunda. Isanabwere, m'dziko muno munali Blantyre Secondary ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942, ndipo ya Dedza ndiyo inali yoyamba kumangidwa ndi kuyendetsedwa ndi boma lenilenilo. Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter onse anadutsa pamenepa. Nyumba zoyambirira za pasukuluyi zadutsa zaka 70, ndipo zinamangidwira ana ochepa osankhidwa m'dziko lonse, osati chinamtindi cha masiku ano.

Chinamtindicho chinayamba mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale. Ana amene analowa sukulu chaka chimenecho anayenera kupeza malo ku Fomu 1, koma masekondale anali owerengeka. Chakumapeto kwa 1998 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE, koleji ya maphunziro a patali, kukhala ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Ambiri mwa malo amenewa anamangidwa ndi makolo okha: njerwa zoumba pamudzi, zina zomangira dothi, maziko osazama, opanda labotale, opanda laibulale. Kuchokera pamenepo ndalama za boma zakhala zikukokedwa mbali ziwiri. Mbali ina kuli sukulu zakale zogonera komweko zimene zikutha, mbali ina kuli ma CDSS amene sanamangidwe bwino chiyambire. Mkanganowu udakalipo. Makolo a kumidzi ya ku Ntcheu akamva kuti ndalama zapita kukakonza sukulu yotenga ana a dziko lonse, amafunsa kuti nanga ana awo ophunzira sayansi popanda labotale aiwalidwa chifukwa chiyani, ndipo funso lawo ndi lomveka.

Ndalama zikuluzikulu zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Pulojekiti ya World Bank imene inayamba mu 2005 inali ndi gawo lokonzanso sukulu zinayi zikuluzikulu za boma: Blantyre, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu. Pambuyo pake kunabwera mapulojekiti ena: ISEM ya European Union, EQUALS ya World Bank ya 2019 ya madola 90 miliyoni, komanso SEED ya dziko la America. Zambiri mwa izi zinalunjika pa kumanga zatsopano ndi kukulitsa ma CDSS. Kumanga kumapeza mwini mosavuta, chifukwa pamakhala mwambo wotsegulira. Chimene chimasowa mwini ndi kusamalira nyumbayo chaka ndi chaka.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto. Sukulu imalandira kuchokera ku boma ndalama zoyendetsera ntchito, zija amazitcha ORT. Pa ndalama zomwezo payenera kuchoka bilu ya ESCOM, ya Central Region Water Board, choko ndi mapepala a mayeso. Zikachedwa kapena zikabwera zoperewera, ahedi amayamba kulipira madzi kuti asadulidwe, denga n'kudikira. Kwa zaka zambiri chimene chimagula thumba la simenti kapena loko wa chitseko chinali ndalama ya chitukuko yosonkha makolo, ndipo imeneyo siingasinthe denga la hositelo.

Nyumba ya sukulu simagwa tsiku limodzi. Imayambira pamsomali. Kamphira ka pamsomali wa lata kakauma ndi dzuwa, dzimbiri limadya pabowopo, madzi n'kuyamba kudontha. Amanyowetsa matabwa a denga, siling'i imafufuma n'kugwa, kenako madzi amafika pa mawaya a magetsi. Ku Dedza izi zimafulumira, chifukwa kuwonjezera pa mvula ya dzinja pali nkhungu ndi mawawa a mu Juni ndi Julaye, moti khoma loyang'ana kumene dzuwa silifika silimauma bwinobwino. Pansi napo, ngalande ya m'mbali mwa khonde ikatsekeka ndi dothi, madzi otsika pamalata amadikha pamaziko, chinyezi chimakwera khoma, pulasitala amayoyoka, chiswe n'kupeza njira yokafika kudenga. M'malo otsetsereka ngati m'munsi mwa phiri la Dedza ndi m'mapiri a ku Ntcheu, madzi othamanga amakumba maziko mpaka khoma kung'aluka.

Kumalo ogona chimayamba kufa ndi chimbudzi. Thanki ya zonyansa imene inakumbidwira ana ochepa ikamalandira ana owirikiza, imadzaza msanga, dzenje lomwetsa madzi limakana, zonse n'kubwerera m'mapaipi. Madzi akasowa masiku angapo, ana amagwiritsabe ntchito zimbudzi zogejemula, n'kutsekeka. Mapaipi akale achitsulo amachita dzimbiri mkati, madzi amafika ofooka, ena amatayikira pansi pomwe mita ikuwerengabe. Kukhitchini miphika yamagetsi ikapsa, ophika amabwerera ku nkhuni, utsi n'kudetsa nyumba yonse.

N'chifukwa chake ndalama zokonzera zikapezeka, dongosolo la ntchito ndi lofunika kuposa kuchuluka kwa ndalamazo. Choyamba akatswiri a EIMU, nthambi ya zomangamanga ku unduna wa maphunziro, kapena a ku khonsolo ayendere nyumba iliyonse ndi kulemba zonse zofunika ndi miyezo yake. Ntchito iyambire kudenga: matabwa odyedwa achotsedwe, atsopano apakidwe mankhwala a chiswe, malata asapyapyale kuposa geji 28. Pamene pali denga lakale la asibesitosi, lisamaswedwe kapena kudulidwa louma, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Linyowetsedwe, litsitsidwe lathunthu, ana ali kutali. Kenako ngalande ndi maziko, madzi ndi zimbudzi, mawaya a magetsi, mawindo ndi zitseko. Penti ndi womalizira. Kupaka penti pakhoma lonyowa n'kutaya ndalama, amasupuka dzinja lisanathe.

Pa simenti ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Pulasitala wabwino ndi ndowa imodzi ya simenti ku ndowa zinayi za mchenga wosefa wopanda dothi, ndipo athiridwe madzi masiku 7. Mmisiri akafuna kupulumutsa matumba, amachulutsa mchenga, ndipo mudzadziwa chifukwa mukakanda ndi msomali khomalo limangoyoyoka. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pa ntchito za boma, choncho mabuloko a simenti nawo ayenera kuonedwa: oumbidwa dzulo n'kumangidwa lero amang'ambika.

Chinanso chimene chaimitsa ntchito zambiri ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Kontilakitala amene anapambana ntchito pa mtengo wakale, malipiro n'kuchedwanso, amapeza kuti ndalamazo sizikugulanso malata ndi simenti zimene analonjeza. Ena amasiya nyumba itasasulidwa denga mvula ili pafupi, zimene zimaononga kuposa akanangoisiya osaikhudza. Denga lisasulidwe pokhapokha malata atsopano atafika kale pamalopo, ndipo nthawi yake ndi pakati pa Meyi ndi Okutobala.

Ife tikuona kuti kukangana pa sukulu yoyenera kuyamba, yakale kapena CDSS, sikudzatha bola ndalama yosamalira nyumba ikusakanizidwa ndi yolipirira mabilu. Ikhale payokha chaka chilichonse, yosaloledwa kugwira ntchito ina. Komiti ya sukulu ndi PTA zipatsidwe pepala la miyezo ya ntchito kuti zizitha kuwerenga malata ndi matumba zikamatsitsidwa pagalimoto. Ndipo gawo la malipiro limene boma limasunga mpaka nthawi yoona zolakwika itatha lisaperekedwe kwa kontilakitala nyumbayo isanaone dzinja lathunthu.