Siyani kumuuza mwana kuti aponye mwamphamvu

Ndatopa nawo mawu akuti "ponya mwamphamvu!" Loweruka lililonse pabwalo la cricket ndimawamva, kwa makolo ngakhalenso kwa makochi anzanga. Mwana wa zaka 12 alibe msana woponyera mwamphamvu. Chimene ali nacho ndi zala, ndipo zala ndi zimene zimakhotetsa mpira m'malere, chomwe timachitcha swing.

Msoko wa mpira uime chilili, chala chamkombaphala ndi chapakati pamwamba pake, chachikulu pansi. Upendekeke pang'ono kuloza komwe mukufuna mpira ukhotere. Mbali imodzi ipukutidwe mpaka kunyezimira, inayo isiyidwe yokhakhala. Mphepo imadutsa mosiyana mbali ziwirizi, mpira n'kupatuka. Koma dzanja likagwa potulutsa mpira, msoko umagwedera, zonse zathera pomwepo. N'chifukwa chake ndimayamba ndi mpira wa tenisi womata tepi mbali imodzi, ana awiri akuponyerana chapafupi, osathamanga n'komwe.

Taonani akatswiri okhotetsa mpira. James Anderson wa ku England anapuma mu 2024 atatulutsa omenya 704 m'masewero a Test, aja a pakati pa maiko otenga mpaka masiku asanu. Vernon Philander wa ku South Africa sanali waliwiro, koma anatulutsa 224 m'masewero 64 okha.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero amandisowetsa tulo. Anali ndi zaka 14, mpira wake unkakhota wokha bwino kwambiri. Wina anamuuza kuti kukhotetsa n'kwa ofooka. Anayamba kudzipinda msana pofuna liwiro, tsiku ndi tsiku, osapuma. Atayamba kudandaula m'chiuno anapita naye kwa munthu wothowa. Miyezi inayi akuthowedwa, akuponyabe! Pofika kuchipatala anapeza kuti fupa la msana lachita mng'alu. Ndinaziona zikuyamba, ndinachedwa kulankhula. Sanabwererenso pabwalo.

Makolo, mwana woponya akamva kuwawa kumunsi kwa msana, makamaka mbali imodzi, asiye kuponya tsiku lomwelo. Ululu ukapitirira masiku angapo, kuchipatala, osati kwa othowa.

Chenjeraninso ndi akatswiri a m'makwalala ophunzitsa ana kukanda mpira ndi chitsekerero cha botolo. Kumeneko n'kubera. Ku Cape Town mu 2018 osewera a Australia anagwidwa akukanda mpira ndi sandpaper, pepala lokhakhala lokwechera matabwa, Steve Smith ndi David Warner n'kuimitsidwa chaka chathunthu. Kupaka mpira malovu nako ICC, bungwe loyendetsa cricket padziko lonse, inakuletsa mu 2020. Mwana apukute mpira ndi thukuta ndi thalauzi lake basi.