Njinga ya dirt jump: anaipangira kudumpha, osati ulendo

Mukaiona koyamba, njinga ya dirt jump imaoneka ngati ya mwana: felemu yaifupi, chishalo chotsika, giya imodzi yokha. Zonsezi n'zadala. Anaipangira ntchito imodzi, yoti munthu anyamuke pa mulu wa dothi woumbidwa bwino, akhale m'malere kamphindi, n'kutera pa mulu wachiwiri njinga osathyoka. Zabwino zake ndi zovuta zake zonse zimachokera pamenepo.

Matayala ake kawirikawiri ndi a mainchesi 26, ndipo njinga yonse imalemera makilogalamu 11 mpaka 13. Kuchokera pa mapedulo kukafika pa habu yam'mbuyo pamakhala mamilimita 380 mpaka 400 okha. Kufupika kumeneku n'kumene kumachititsa kuti tayala lakutsogolo lidzuke mukangokokera thupi m'mbuyo. Shoko ili kutsogolo kokha, imalowa mamilimita 80 mpaka 100, ndipo imafunika kupopedwa kuti ilimbe. Apa ongoyamba kumene amalakwitsa kwambiri. Shoko yofewa imameza mphamvu yonse pomwe mukunyamuka, njinga n'kuzyolika kutsogolo muli m'malere.

Giya imodzi ndi dalitso kwa munthu amene amagwa pafupipafupi. Palibe chosinthira magiya choti chipindike, ndipo tcheni sichiguluka chisawawa. Chikalobodoka, mumamasula manati a habu, n'kukokera tayala m'mbuyo mpaka tcheni chizisewera pafupifupi sentimita imodzi. Kokerani mbali zonse mofanana, apo ayi tayala limapendekeka ndipo buleki imayamba kukhula. Njinga zambiri zamtunduwu zimakhala ndi buleki yam'mbuyo yokha, ya chingwe chachitali kuti handulo izitha kuzungulira yonse.

Koma tulukani nayo pamalo odumphirapo, muone. Chishalo chili pansi kwambiri moti mukakhalapo n'kumapalasa, maondo amapweteka pasanathe nthawi, choncho ulendo wonse mumapalasa choimirira. Ngati giya ya pa mapedulo ili ndi mano 32 ndipo ya pa tayala lam'mbuyo 16, mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita anayi ndi pang'ono. Mukamapalasa maulendo 90 pa mphindi, liwiro limangofika makilomita 22 pa ola. Pamalo athyathyathya miyendo imangozungulira pachabe, pachitunda giya yomweyo imalemera. Kaliyala alibe pomangirira.

Choopsa kwenikweni ndi mtsetse wautali. Mphamvu yambiri yoimitsa njinga imachokera ku buleki yakutsogolo, chifukwa pomanga mabuleki kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Yam'mbuyo ikakhala yokha, tayala limangokhukhuluzika. Onjezerani matayala a mano aafupi, opangidwira dothi louma ndi lolimba, ndiye pamatope palibe chogwira. Amene akufuna kuyenda nayo pamsewu aike buleki yachiwiri.

Chimene chimawonongeka msanga ndi limu yam'mbuyo. Mukalephera kufika bwino pa mulu wachiwiri, tayalalo limamenya pamsonga, limu n'kubonyoka, masipokosi n'kumasuka. Mpweya wa 40 mpaka 60 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) umateteza. Ukachepa, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri togundizana. Masipokosi aziyesedwa ndi dzanja mukatha kusewera. Pogula njinga yogwirapo kale ntchito, pukutani fumbi m'malo owotcherera, makamaka pomwe foloko imalowera mu felemu, n'kuunika ndi tochi ngati pali mng'alu. Felemu yachitsulo imalemerako koma nthawi zambiri imayamba yapindika isanathyoke, pomwe ya aluminiyamu ikang'aluka imatha kuduka mwadzidzidzi.

Ngati pafupi pali milu yodumphira kapena pump track (kanjira ka timilu ndi makona koyendamo osapalasa), palibe njinga ina imene ingakuphunzitseni msanga kukankha njinga ndi thupi, kupenda liwiro ndi kutera matayala onse pamodzi. Yambani ndi mulu wodzaza pakati, wathyathyathya pamwamba, mutavala chisoti ndi zoteteza maondo. Koma ngati mukufuna njinga imodzi yoti muzipita nayo kulikonse, gulani ya m'mapiri yokhala ndi magiya ndi mabuleki awiri. Ya dirt jump idzabwere yachiwiri.